NDEMANGA: Makina aphunzira kumva, nanga ife?

Mwezi wathawu mlamu wanga, amene ali ndi chigayo kunja kwa mzinda wa Blantyre, adakhala masiku 9 osagaya ngakhale chibakera cha chimanga kaamba ka kachitsulo kamodzi kokha. Shafiti ya chigayo chake idadyeka pamalo pomwe pamakhala bearing, ndipo atafunsa mtengo wa yatsopano m'masitolo adangogwira pakamwa. Adaganiza zokasemetsa ina. Malo oyamba omwe adapita, mnyamata wa pamenepo adaisema msangamsanga, yowala bwino ndithu, koma atafika nayo kuchigayo bearing idangolowa gwedegwede ngati phazi la mwana mu nsapato ya bambo ake. Ndalama zidapita, chitsulo chidapita, nawonso makasitomala adayamba kusenza matumba awo kupita kuchigayo cha tsidya lina.

Ulendo wachiwiri ndidamuperekeza kwa mmisiri wina wachikulire ku Ndirande. Tili chiimire pamenepo, lathe ili mkati mozungulira, mkuluyo akucheza nafe maso ali kwa ife, mwadzidzidzi adatembenuka n'kuimitsa makina. Ndidafunsa kuti: "Kwagwanji, madala?" Iwo adati: "Simunamve? Mpeni wabuntha uwu." Ine kunena zoona ndidangomva phokoso lomwelija la masiku onse. Adaumasula mpeniwo, adaunola, n'kuyambiranso. Atamaliza adasiya shafiti ija kuti izizire, ife tikudandaula kuti nthawi ikutha, kenako adaiyeza ndi micrometer katatu. Kuchigayo bearing idalowa mochita kukhomerera, monga mmene zifunikira, ndipo mpaka lero chigayo chikulira.

Nkhani ngati iyi aliyense wa minibasi kapena wa chigayo ali nayo yake. Ine ndaibweretsa pano chifukwa chomwe madala aja adachita ndi khutu lawo ndicho chomwe mafakitale akuluakulu a ku Japan, Germany ndi America akhala akulimbana nacho kwa zaka zoposa 50 kuti makina azichichita okha. Akwanitsa mbali yaikulu. Ndipo poti masipeya omwe timagulitsa ku Limbe ndi ku Malangalanga amachokera m'mafakitale oterowo, si bwino kuti tikhale ongogula ndi kugulitsa osadziwa mmene zinthuzo zimapangidwira.

Tiyambe ndi vuto lenilenilo. Posema chitsulo, mpeni wolimba umameta chitsulo chofewerapo, koma nawonso umadyeka pang'onopang'ono. Ukadyeka muyeso umasokonekera, kutentha kumachuluka, ndipo pamapeto pake umathyoka n'kuwononga chomwe chimasemedwacho. Ukausintha msanga wataya ndalama pa mpeni wabwinobwino, ukachedwa wataya katundu. Munthu woyamba kufufuza nkhaniyi mwakhama adali a Frederick Taylor a ku America, omwe kwa zaka 26 adameta zitsulo zolemera matani opitirira 360 n'kuzisandutsa nyenyeswa, kungofuna kudziwa kuti mpeni umakhala nthawi yaitali bwanji. Zomwe adapeza adazilengeza m'chaka cha 1906, ndipo zikuphunzitsidwabe mpaka lero. Mfundo yake ndi yakuti liwiro ndilo limadya mpeni kuposa china chilichonse. Pa mipeni wamba yomwe amisiri athu amanola okha, kungowonjezera liwiro ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, mpeni womwe ukadagwira ntchito ola lathunthu utha kubuntha m'mphindi 15. Mnyamata wothamanga uja mwina izi adali asanazimvepo.

Makina osema okha adayamba itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. A John Parsons a m'chigawo cha Michigan, omwe ankapanga mapiko a helikopita, adaganiza zoti makina aziyendera manambala m'malo mwa dzanja la munthu. Asilikali a mumlengalenga a dziko la America adaika ndalama, ndipo m'chaka cha 1952 sukulu ya ukachenjede ya MIT idaonetsa makina oyamba otere, omwe ankawerenga malangizo pa tepi yobooledwa timabowo. Patapita zaka kompyuta idalowa m'malo mwa tepi, n'chifukwa chake lero timamva dzina lakuti CNC.

Makina amenewa adali omvera kwambiri, koma adali akhungu ndiponso ogontha. Amachita zomwe auzidwa basi. Mpeni ukathyoka pakati pa ntchito, iwo amapitiriza ulendo wawo ngati palibe chachitika, kusema mphepo kapena kukanda katundu yense amene watsala. Mwini fakitale amene adaganiza kuti wathana ndi amisiri adapeza kuti akufunikabe munthu woima pambali, khutu lili tcheru, chala chili pa batani loimitsira. Apa ndiye padayambira ntchito yopatsa makina maso, makutu ndi khungu.

Kukhudza kudabwera kudzera mu ndege ya Concorde. M'chaka cha 1972 a David McMurtry, injiniya wa kampani ya Rolls-Royce ku Mangalande, adali ndi vuto loyeza timapaipi ting'onoting'ono ta mu injini ya ndegeyo, tomwe tinkapindika tikangokhudzidwa ndi choyezera. Adapanga kachala kachitsulo komwe kamatumiza uthenga ku makina kakangogunda chinthu pang'ono pokha. Chaka chotsatira iwo ndi anzawo a John Deer adayambitsa kampani ya Renishaw. Lero kachala kotere kamamangidwa mu makina a CNC momwemo: makina amasema, n'kutenga kachalako, n'kuyeza chomwe asema chisanachoke pamalo, ndipo akapeza kuti chatsala pang'ono kutuluka m'malire amadzikonza okha pa chidutswa chotsatira.

Makutu nawo alipo amitundu ingapo. Njira yapafupi kwambiri ndi kuyang'ana mphamvu ya magetsi yomwe mota ikukoka. Aliyense amene adadulapo nkhuni ndi nkhwangwa yobuntha akudziwa kuti imatopetsa kuposa yakuthwa. Mota nayo n'chimodzimodzi: mpeni ukamabuntha imakoka magetsi ambiri, mpeni ukathyoka magetsiwo amadumpha kenako n'kugwa mwadzidzidzi. Kompyuta ikaona zimenezi imaimitsa makina munthu asanaphethire. Palinso masensa oyeza kunjenjemera, ena oyeza mphamvu yomwe mpeni ukukankhira chitsulo, monga omwe imapanga kampani ya Kistler ya ku Switzerland, ndi ena omva kulira kwa chitsulo chikamang'ambika mkati. Khutu la munthu silimva phokoso lonjenjemera kupitirira ka 20,000 pa sekondi imodzi, pomwe masensa omalizawa amamva kuyambira cha m'ma 100,000 kupita m'tsogolo. Apa ndivomere, madala a ku Ndirande aposedwa.

Koma kumva pakokha sikokwanira. Chomwe chimachititsa kuti makinawa azitchedwa anzeru n'chakuti amasintha kachitidwe malinga ndi zomwe amva. Akafika pamalo pomwe chitsulo chalimba amachepetsa liwiro lolowera mpeni, akafika pofewa amawonjezera. Pali vuto lina lomwe mmisiri aliyense amalidziwa: mpeni ndi chitsulo zikayamba kunjenjemerana, makina amalira mokwiyitsa ndipo pachitsulo pamatsala timizere ngati mafunde. Choyambitsa chake n'chakuti mpeni umadutsa pa timafunde tomwe udasiya wokha paulendo woyamba, ndiye kunjenjemerako kumangokulirakulira. Munthu wosadziwa amathamangira kuchepetsa liwiro, chikhalirecho nthawi zina mankhwala ake ndi kuliwonjezera pang'ono mpaka timafundeto tigwirizane. Makina amakono amamva kulirako n'kudzisankhira liwiro loyenera.

Nanga kuziziritsa shafiti kuja, komwe ife tinkaona ngati kutaya nthawi? Chitsulo chotalika mita imodzi chikatentha ndi madigiri 10 okha chimatalika ndi 0.12 mm. Tsitsi la munthu n'lonenepa pafupifupi 0.07 mm. Pomwe pamakhala bearing pa shafiti ngati ya chigayo, malire olakwitsa ndi ochepera 0.02 mm. Mukayeza chitsulo chikadali chotentha ndiye kuti mwadzinamiza nokha. Makina amakono ali ndi masensa a kutentha m'ziwalo zawo, ndipo kompyuta imawerengetsa kuti afutukuka motani n'kubweza muyeso. Madala aja alibe sensa, ali ndi kudekha kokha.

Masiku ano zonse zomwe masensa amamva zimasungidwa, ndipo makompyuta amaphunzitsidwa kuzindikira mmene mpeni wotsala pang'ono kutha umamvekera, kuti azilosera nthawi yousinthira usanathyoke. Ku Germany adazipatsa dzina lakuti Industrie 4.0 pa chionetsero cha ku Hannover m'chaka cha 2011, ndipo kuyambira pamenepo aliyense wogulitsa makina amalankhula ngati kuti munthu sakufunikanso. Ine apa ndiye ndikufuna tisamale, makamaka inu ana asukulu amene mumakhulupirira chilichonse chomwe chanenedwa m'Chingerezi chosalala.

Kompyuta sibadwa ikudziwa kuti mpeni wobuntha umalira bwanji. Pamafunika munthu woti aime pamakina, aimitse, achotse mpeni, auyang'ane ndi galasi, ayeze kudyeka kwake, n'kuuza kompyutayo kuti apa padali pabwino, apa padaipa. Lamulo la muyeso lomwe maiko amagwirizana, la ISO 3685, limati mpeni watha ukadyeka 0.3 mm m'mbali mwake, koma woyeza 0.3 mm ameneyo pophunzitsa kompyuta ndi munthu. Mukasintha mtundu wa chitsulo kapena wa mpeni, zomwe kompyuta idaphunzira zija zitha kusokonekera, n'kuyamba kuimitsa makina popanda chifukwa. Makina oimaima amakwiyitsa, ndipo wogwira ntchito akatopa nawo amangozimitsa sensa ija n'kubwerera ku khutu lake. Nzeru za makinawa, tinene mosabisa, ndi nzeru za amisiri zomwe zidatengedwa n'kusandutsidwa manambala.

Katswiri wina wa mbiri ya ku America, a David Noble, adalemba buku m'chaka cha 1984 lotchedwa Forces of Production momwe adaonetsa kuti pachiyambi padali njira ziwiri. Ina, yomwe kampani ya General Electric idayesa, idali yoti mmisiri aseme chidutswa choyamba ndi manja ake, makina ajambule kayendedwe kake n'kumabwereza. Inayo idali yoti malangizo azilembedwa mu ofesi ndi anthu ena, mmisiri akhale womangirira chitsulo basi. Malinga ndi a Noble, njira yachiwiriyi idapambana mwa zina chifukwa mabwana ankafuna kulanda ulamuliro m'manja mwa amisiri. Sikuti aliyense amagwirizana nawo, koma funso lomwe adadzutsa ndi lathu lomwe: makina akabwera, ndani adzakhale wodziwa ndipo ndani adzakhale wongodina batani?

Ku Japan, m'mudzi wa Oshino m'munsi mwa phiri la Fuji, kampani ya FANUC ili ndi mafakitale omwe kuyambira m'chaka cha 2001 maloboti amapanga maloboti anzawo kwa masiku ambiri popanda munthu mkati. Amatha kuzimitsa nyale poti palibe wofuna kuona. Kwathu kuno nakonso mafakitale amakhala mumdima, kungoti chifukwa chake n'china. Tonse tikukumbukira mmene namondwe wa Ana adawonongera malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo padapita chaka ndi miyezi magetsiwo asanabwerere. Makina a CNC sakondwa ndi magetsi othimathima. Akathima mpeni uli mkati mwa chitsulo, mutha kutaya mpeni ndi katundu yemwe, ndipo akabwera ndi mphamvu yopitirira muyeso amapsereza ubongo wa makinawo, womwe muyenera kuitanitsa kunja ndi ndalama zakunja zomwe sizioneka.

Choncho musandimve ngati ndikunena kuti boma lithamangire kukagula makina a mamiliyoni n'kukawaika m'nyumba yokongola kuti nduna idzadule riboni. Zoterezo tidazionapo, ndipo makina ake amathera pansi pa nsalu akudikira katswiri wochokera kunja. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu Januwale 2021, adaika mafakitale kukhala imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Zabwino. Koma fakitale iliyonse, kaya ndi ya shuga, ya tiyi kapena ya simenti, imaima pa zitsulo zozungulira zomwe zimadyeka, ndipo dziko losatha kusema shafiti molondola lidzakhala likuimitsa ntchito kudikira sitima kapena ndege. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sipeya iliyonse yochokera kunja idakwera mtengo tsiku lomwelo. Mlamu wanga sadapite kwa mmisiri chifukwa chokonda dziko lake, thumba ndilo lidamutuma.

Tsopano kwa inu abale anga a bizinesi ya masipeya. Mumadziwa nokha kuti pa shelefu panu pali zamitundu iwiri, orijino ndi zinazo, ndipo mabokosi ake nthawi zina amafanana mpaka chidindo. Kusiyana kwake kwagona pa zomwe ndafotokozazi. Fakitale yodzilemekeza imayeza pamene ikusema, imasintha mpeni nthawi yake, ndipo chotuluka m'malire imachitaya. Fakitale yothamangira phindu imausiya mpeni mpaka uthyoke, ndipo zonse zomwe zasemedwa mpeniwo utabuntha kale zimalowa m'bokosi limodzi ndi zabwino. Zambiri mwa zimenezi zimathera kumisika ngati yathu, komwe palibe woyeza. N'chifukwa chake pisitoni ina imayenda zaka pomwe inzake ya m'katoni yomweyo imayamba kumwa oyilo pakangotha miyezi iwiri, kasitomala n'kubwera kudzakutukwanani inu amene simunapange kanthu.

Ndafunsapo ogulitsa masipeya angapo ngati ali ndi micrometer, kapena vernier yokha, m'shopu mwawo. Ambiri amandiyang'ana ngati ndafunsa za mfiti. Wina adandiyankha kuti: "Akulu, ife timangogulitsa, zoyezazo n'za amakaniko." Chonsecho chipangizochi mtengo wake sufika pa katoni imodzi ya katundu amene mumaoda ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Kuphunzira kuchiwerenga n'kwa tsiku limodzi. Wogulitsa amene angatulutse zidutswa zisanu m'katoni n'kuziyeza asanalipire, kapena kuyeza pamaso pa kasitomala, adzabweza katundu woipa kwa mwini wake m'malo momusenza yekha, ndipo amakaniko adzamudziwa msanga. Mbiri pa msika imayenda mofulumira kuposa minibasi.

Kwa inu ophunzira za uinjiniya ku MUBAS ndi ku MUST, ndi inu a m'masukulu a ntchito zamanja monga Soche, Lilongwe, Nasawa, Salima ndi Mzuzu, ndili ndi mawu awiri. Oyamba ndi akuti musanyoze lathe yakale. Ndamva achinyamata ena akudandaula kuti akuphunzira pa makina a nthawi ya atsamunda pomwe anzawo kunja ali pa CNC. Dandaulo lake n'lomveka, ndipo masukulu akuyenera kukhala ndi makina amakono ochepa oti aliyense awagwire. Koma munthu amene sadamvepo mpeni ukulira m'manja mwake, amene sadaone nyenyeswa zikusanduka zabuluu chifukwa cha kutentha, akaikidwa pa CNC sadziwa ngati manambala omwe ali pa sikirini ndi oona kapena abodza. Mafakitale a kunja omwewo amalimbirana munthu wodziwa zonse ziwiri.

Achiwiri ndi akuti mbali ya nzeru zimenezi ili pafupi nanu kuposa mmene mukuganizira. Foni yomwe ili m'thumba mwanu ili ndi sensa yoyeza kunjenjemera ndi maikolofoni. Kachipangizo koyeza magetsi omwe mota ikukoka, kongopanira pa waya, kamagulitsidwa m'masitolo a zamagetsi m'tauni. Timakompyuta ting'onoting'ono ngati Arduino ena a inu mudatigwirapo kale. Zimenezi sizingafanane ndi za Kistler, koma n'zokwanira kuona kusiyana pakati pa mpeni wakuthwa ndi wobuntha, kapena kuchenjeza mwini chigayo kuti bearing yayamba kudwala sabata isanathe. M'malo molemba pulojekiti ya chaka chomaliza yokopera pa intaneti, yomwe ngakhale mphunzitsi wanu saiwerenga, bwanji osanyamula zipangizozo kupita kwa mmisiri wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi, n'kukhala naye mwezi wathunthu? Iye akati "wabuntha", inu mulembe zomwe sensa yaonetsa pa mphindi imeneyo. Umu ndi mmene a ku Japan ndi ku Germany adachitira, kungoti iwo adali ndi ndalama zambiri.

Olemba anthu ntchito m'dziko muno amapereka msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja ku bungwe la TEVETA, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 1999. Ine pempho langa ndi lakuti gawo lina la ndalama zimenezi lipite ku zinthu ziwiri zosaoneka bwino pa chithunzi cha m'nyuzipepala: zoyezera zolondola zokwanira wophunzira aliyense, ndi malipiro a amisiri achikulire a m'makwalala kuti azibwera kudzaphunzitsa kapena kulandira ophunzira m'malo awo ogwirira ntchito. Ambiri mwa akuluakuluwa adaphunzira ntchito m'makampani a njanji, a fodya ndi a nsalu, ena ku migodi ya ku Joni ndi ku Zambia, ndipo alibe satifiketi yomwe ofesi ingaivomereze. Lamulo likhoza kuwapezera njira.

Tisanachoke ku Ndirande tsiku lija ndidawafotokozera madala aja za makina a ku Japan omwe amamva okha mpeni ukabuntha. Adaseka n'kunena kuti ndiye bwino, poti iwo khutu lakumanzere layamba kale kuvuta ndipo manambala a pa micrometer amawaona ndi magalasi awiri. Ndidafunsa ngati ali ndi wophunzira. Adati m'zaka zitatu zapitazi adalandira anyamata anayi. Atatu adachoka miyezi isanu ndi umodzi isanathe, awiri mwa iwo ali pa kabaza wa njinga yamoto poti kumeneko ndalama imaoneka tsiku lomwelo. Wachinayi akadalipo, ndipo sabata imeneyo n'kuti atangoyamba kumulola kunola mpeni yekha.